Njanji ya M'chipinda Chachitatu

14 Januwale

Mayi a ana,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kamabwera ndikaswera pa makina opalira matabwa. Si kanthu.

Mwafunsa kuti Lamlungu ndimatani, popeza alongo anu anakuuzani kuti ndimadzitsekera m'chipinda tsiku lonse. Alongo anuwo anaona chitseko chokha. Zamkati ndi izi: ndikumanga njanji.

Musaseke. Chaka chatha, pamsika wa zinthu zakale, ndinapeza kamutu ka sitima kotalika ngati chikhatho changa, ndi mabogi atatu. Wogulitsayo ankati ndi chidole chakufa. Nditakatsegula ndinapeza kuti munangodzaza fumbi ndi tsitsi. Ndinapukuta, ndinadonthezamo mafuta a makina osokera, ndipo nditalumikiza magetsi kanayenda. Ku laibulale ndinabwereka mabuku awiri. Amati pa njanji zoterezi chilichonse chimachepetsedwa ka 87, kotero munthu wa msinkhu wanga amakhala wa masentimita awiri. Chidole sichitsata muyeso wotere.

Ndagula thabwa la pulaiwudi la mamita awiri ndi masentimita 40 m'litali, mita imodzi ndi masentimita 20 m'lifupi. Ndaliika pamiyendo pakati pa bedi langa ndi la Dalaivala, mnzanga wogona naye chipinda uja amene amakubweretserani katundu. Iye akuti tsopano popita kokagona amayenda chammbali ngati nkhanu.

Pempho langa ndi limodzi. Chipinda chachitatu cha nyumba yathu, chimene mwangofolerachi, musachipatse ntchito. Zaka zonsezi ndagona m'zipinda za eni. Ndikadzabwera ndikufuna chimodzi chimenecho, kuti njanjiyi idzakhalemo. Tengani tepi yanu yosokera muyeze makoma onse anayi, komanso pabalaza. Muyeze akamaliza kupaka pulasitala, chifukwa pulasitala amadya malo.

Za mwezi uno ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Muyambe ndi mawindo, penti adikire.

Ndine,
Bambo a ana


9 Malichi

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi kwa onse. Ndakondwa kumva kuti malungo amusiya wamng'onoyo. Mankhwala amalize onse ngakhale akuthamanga kale.

Miyeso ndalandira. Mwayeza bwino, mpaka mwalemba mbali imene chitseko chimatsegukira, zimene ine sindinafunse. Thabwa langa lidzalowa m'chipindacho ndipo padzatsala poyenda mbali zitatu.

Njanji ndayala yonse. Imazungulira thabwa ngati dzira, ndipo kutsogolo ili ndi mphambano ziwiri, pomwe sitima ingapatukire n'kuima. Chimene chandidyera masabata ndi timiyala ta pansi pa njanji. Ta m'sitolo n'todula, ndiye ndinatola fumbi la kwale pamalo ena omangapo nyumba, n'kulisefa ndi sefa ya tiyi. Ndimatithira ndi supuni, kusalaza ndi burashi, kenako kudontheza guluu wosungunula ndi madzi, wothira dontho limodzi la sopo wotsukira mbale.

Dalaivala anandipeza ndikuchita zimenezi. Anati, "Amisiri, sopo pamiyala? Mukuichapa kaye isanayambe ntchito?"

Ndinamufotokozera kuti popanda sopo guluu amangokhala pamwamba ngati mikanda, salowa pansi.

Anati, "Inu mukanakhala dokotala, bwenzi tonse titafa mwadongosolo."

Lamlungu lapitali sitima inayenda koyamba. Itafika pamphambano yoyamba inagwa chammbali. Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Ndinayang'ana ndi galasi lokulitsa, ndinapeza kamwala kamodzi katamatirira mkati mwa njanji. Ndinakachotsa ndi singano. Ulendo wachiwiri inazungulira bwinobwino, mabogi onse atatu akugogoda polumikizira njanji ngati sitima yeniyeni. Dalaivala anasiya kuseka, anavula chipewa, anati, "Tikiti akugulitsa kuti?"

Mayi a ana, ndapanga zitseko ndi makabati osawerengeka kuno, ndipo sindidziwa kuti zili m'nyumba za yani. Ichi chokha ndikudziwa kumene chikupita.

Kuntchito azimitsa makina awiri, ndipo Lachisanu sitikupita. Akuti n'zakanthawi. Ine ndimayang'ana mulu wa matabwa pabwalo, ndipo sukutsika. Simenti yotsalayo muisunge pouma, musabwereke munthu.

Ndine,
Bambo a ana


18 Meyi

Mayi a ana,

Ndakupatsani moni. Ine ndilipo. Za amayi anu ndamva ndi chisoni. Ndawerenga za matenda ofa ziwalo mbali imodziwa, ndipo mabuku akugwirizana kuti miyezi yoyambirira ndiyo yofunika. Dzanjalo muziliwongola ndi kulipinda tsiku lililonse, ngakhale akane. Mwachita bwino kuwatenga. Agone m'chipinda chachitatu mpaka atapeza bwino, ine sindikubwera mawa.

Kuno phiri laima. Mafupa ake ndi waya wa khola la nkhuku, mnofu wake ndi nyuzipepala zonyika m'pulasitala. Lili pakati pa thabwa, ndipo ndi lalitali masentimita 60. Mukawerengera ka 87, limangopitirira pang'ono mamita 50, ndiye kunena zoona ndi chitunda chabe, koma m'chipinda muno timalitchula phiri. Kuseri kwake ndakumba mtsinje ndi kumanga mlatho ndi tizidutswa ta matabwa totola kuntchito. Ndisanayendetsepo sitima ndinasanjikapo njerwa ziwiri. Sunalire n'komwe. Madzi a mumtsinje ndi vanishi, wopaka kasanu. Mitengo ndimapota ndi waya wa magetsi, masamba ake ndi siponji yonyenyanyenya, ndipo udzu ndi utuchi wonyika mu penti wobiriwira. Buku lina limati udzu usakhale wa mtundu umodzi, ndipo likunena zoona. Nditasakaniza wachikasu ndi wofiirira, malowo anayamba kuoneka ngati podutsa mbuzi.

Mayi eni nyumba anabwera kudzakalipa za fungo la vanishi. Anaima pakhomo, dzanja m'chiuno.

"Bambo inu, ndinakubwereketsani chipinda kapena fakitale?"

Kenako anaona mtsinje.

"Madzi awa ndi a chiyani? Mundiwoletsera nyumba!"

Ndinawauza kuti akhudze. Anakhudza ndi chala, n'kuchiyang'ana kuti aone ngati chanyowa. Anakhala pabedi la Dalaivala, ndipo ndinawayendetsera sitima. Nthawi iliyonse ikazimirira kuseri kwa phiri ankatambasula khosi, ikatulukira ankati, "Iyo!" Potuluka anati, "Muzitsegulako windo," basi.

Chifuwa chija ndinapita nacho kuchipatala. Akuti ndi fumbi la matabwa, ndizivala chotchinga kukamwa. Ndakhala ndikuvala.

Wamkuluyo mumuuze kuti kalata yake ndaiona, koma masamu sayenda ndi mwayi. Abwereze.

Ndine,
Bambo a ana


20 Julayi

Mayi a ana,

Moni. Ndili bwino pang'ono. Amayi muwapatse moni wanga.

Mwalemba kuti amayi sadzabwereranso kwawo, ndipo mwafunsa kuti pakati pa munthu ndi matabwa woyenera chipinda ndani. Yankho la funso limenelo tonse tikulidziwa, ndipo simunafunike kulifunsa. Sindinanenepo kuti munthu wodwala agone panja.

Ndingonena zimene zilipo. Chipinda choyamba ndi chathu, ndipo muli makina anu osokera. Chachiwiri ndi cha ana. Pabalaza, malinga ndi miyeso yanu, thabwa langa likalowa ndiye kuti mipando ituluke. Chipinda chachinayi chifuna njerwa, malata ndi chaka china cha ntchito, ndipo za chaka chinacho sindingalonjeze. Ndawerengera mbali zonse, sizikutuluka. Sindikukwiya. Ndikungoti m'nyumba imene ndaimanga ndili kutali, aliyense wapeza pake.

Poti mumafunsa, siteshoni ndamaliza, ndipo ndi chinthu chabwino kuposa zonse zimene manja angawa anapangapo. Makoma ndi a katoni yolimba, njerwa zake ndinazilemba imodziimodzi ndi nsonga ya mpeni. Malata ndinadula ku chitini cha zakumwa, n'kuwadinda pa chipeso kuti akhale ndi mizere. Atangotha ankawala ngati a munthu wolemera, ndiye ndinawadetsa ndi choko chofiirira chopera, makamaka m'munsi momwe madzi amadontha. Pali benchi, wotchi, sikelo yoyezera katundu, ndi mpopi wodontha umene wabiriwitsa pansi. Anthu alipo asanu ndi awiri, openta ndi nsonga ya singano. Pali mayi wa dengu pamutu, bambo wogona pabenchi chipewa chili kumaso, ndi wina amene akuthamanga mochedwa. Dalaivala akuti wochedwayo ndi mlamu wanga. Ine sindinatero.

Kuchipatala anajambula chifuwa. Chithunzicho ndachiona. Ndikuuzani ndikachimvetsa bwino.

Ndine,
Bambo a ana


6 Okutobala

Mayi a ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Makalata anu awiri ndinawapeza akundidikira. Sindinayankhe chifukwa ndinali kogona kwina, kumene amadzutsa munthu kuti amwe mapiritsi. Ndatuluka, ndikuyenda ndekha, masitepe okha ndimakwera mopumira. Adokotala ndi abwana agwirizana chinthu chimodzi koyamba m'moyo wawo: pa makina opalira sindibwereranso. Ndibwera mwezi wamawa ndi lole ya Dalaivala, ndipo ulendo uno ndi wobwereratu.

Za chipinda zatha. Ndi cha amayi. Pogona paja ndinaona mmene munthu wosatha kudzuka amayang'anira khoma limodzi tsiku lonse, ndipo kalata yanga ya Julayi ija muiike pansi pa zina.

Tsopano imvani zimene wachita mwamuna wanu wa miyeso. Dzulo tinati tiyese kutulutsa njanji, kuti tidziwe malo amene idzatenge m'lole. Tinachotsa miyendo, tinaimika thabwa chammbali, Dalaivala kutsogolo ine kumbuyo. Pakhomo linadutsa mpaka theka, n'kugunda khoma la m'kakhonde. Kakhondeko n'kopapatiza, ndipo pamafunika kukhota nthawi yomweyo. Polowa linali thabwa lopyapyala, tinachita kulipinda pang'ono. Lero lili ndi mafelemu pansi ndi phiri pamwamba.

"Kwezani kumbuyoko, Amisiri!"

"Ndakweza. Phiri lagwira felemu la chitseko."

"Ndiye tsitsani!"

"Ndikatsitsa mlatho uthyoka."

Dalaivala anatula mbali yake, anapukuta thukuta. Anati, "Munayeza chipinda chili kutsidya kwa malire, kakhonde kali pamphuno panu osakayeza? Mwana wakulira m'mimba uyu, sabadwa."

Windo lili ndi zitsulo zowotcherera. Mayi eni nyumba anati, "Khoma langa musaliyang'ane n'komwe. Koma mukaisiya, ine sindidandaula. Wolowa m'chipindamu ndidzamuuza kuti azigona chammbali." Ankanena moseka, koma maso awo anali pa siteshoni.

Ndiye zilipo ziwiri: kuisiya yathunthu m'nyumba ya eni, kapena kuidula. Ndipo ngakhale nditaidula, kwathuko ilibe poikhala. Ndabwezera miyendo. Sitima ikuyenda bwino kwambiri masiku ano, ngati ikudziwa.

Ana musawauze za chipatala. Ndidzawauza ndekha.

Ndine,
Bambo a ana


25 Okutobala

Mayi a ana,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa ana. Mpweya ukubwerera pang'onopang'ono, ndipo ndikudya.

Ndadula.

Ndinakhala masiku angapo ndi pepala lanu la miyeso lija. Khoma la pabalaza, limene munaikako kabati ya mbale, kuseri kwake ndi chipinda cha amayi. Thabwa lonse pabalaza silikwana, koma theka lake, masentimita 60 m'lifupi, ndi chimodzimodzi kabatiyo. Theka linalo lingakhale kuseri kwa khoma lomwelo, mbali ya amayi, ngati shelefu. Njanji ndi yozungulira, ndiye ikufunika mabowo awiri pakhoma, lina lolowera lina lotulukira, lililonse lokwana chibakera. Pa makulidwe a khoma ndidzawonjezera tinjanji tiwiri towongoka.

Ndinajambula mzere pakati, m'litali, kudutsa pamwamba penipeni pa phiri. Njanji ndinayamba ndaikhomera mbali zonse za mzere kuti isasunthe, n'kuidula ndi kasowo ka zitsulo. Mawaya a pansi ndinawamanga tizingwe ta mitundu kuti ndisadzasokoneze polumikiza. Kenako ndinatenga sowo ya manja. Dalaivala anagwira thabwa, nkhope atatembenuzira kukhoma.

"Amisiri, ine magazi ndimaopa."

"Gwira bwino, iwe. Ukagwedeza ndiye aoneka magaziwo."

Phiri linalira ngati mbale yosweka, pulasitala anagwa, koma sowo sinachoke pamzere. Theka lililonse ndinalidulanso pawiri kuti likhote m'kakhonde. Ndataya mitengo inayi ndi mbuzi imodzi. Titalumikiza zidutswazo pansi kuti tiyese, sitima inadutsa molumikizira monse osagwedezeka. Zaka zonse ndagwira sowo, sindinadulepo mzere woongoka chonchi.

Maganizo anga ndi akuti theka la siteshoni likhale pabalaza, la mtsinje ndi mlatho likhale kwa amayi. Choyendetsera sitima chidzakhala mbali yanga. Koma khomalo ndi la chipinda chawo, ndipo chipinda cha apongozi si cholowamo ine, inu mukudziwa. Ndiye muwafunse bwinobwino, osawakakamiza. Muwauze zoona: sitima imalira pang'ono, ngati makina anu osokera akamayenda pang'onopang'ono, ndipo sindidzaiyendetsa iwo akugona. Akakana, zidutswazi zidzakhala m'makatoni pansi pa bedi, ndipo sindidzatchulanso.

Yankho mutumize msanga, mmisiri wa nyumba aboole ine ndisanafike, fumbi lithe.

Ndine,
Bambo a ana


12 Novembala

Mayi a ana,

Ndakupatsani moni komaliza papepala. Ndili bwino ndithu. Ndakondwa kumva kuti amayi ayamba kugwira kapu ndi dzanja lija.

Kalata yanu ndinaiwerenga mokweza, Dalaivala akumanga makatoni. Nditafika pa mawu a amayi, Dalaivala anakhala pansi. Mwalemba kuti anati: "Aboole. Koma mtsinje atenge okha, ine madzi osayenda ndiziwayang'ana chifukwa chiyani? Andipatse kumene kuli anthu. Munthu wogona tsiku lonse amafuna kuona amene watsika."

Dalaivala anati, "Amisiri, akulandani tauni, akusiyirani tchire!"

Siteshoni ija ndinaipanga miyezi iwiri, ndipo ikalowa m'chipinda chimenecho ine sindidzaionanso, kupatula kusuzumira pabowo ngati mwana wakuba. Ndinafufuza chifukwa chomveka chokanira. Mawaya amafika mbali zonse mofanana. Zidutswa n'zofanana m'litali. Kuwala kwa windo la amayi n'kwabwino kuposa kwa pabalaza. Chifukwa sindinachipeze.

Muwauze kuti siteshoni ndi yawo. Ndachita zinthu ziwiri. Anthu asanu ndi awiri aja ndawamatula, ndawaika tizitsulo kumapazi, kuti azitha kuwasuntha ndi kuwaimika pomwe afuna. Achite ndi dzanja lodwalalo, osati labwinolo, ndi ntchito yabwino ya zala. Chachiwiri, ndaika kabatani mbali yawo. Akakadina, sitima iziima pasiteshoni mpaka atakasiya. Ine pabalaza ndikaona kuti yalowa koma sikutuluka, ndizidziwa kuti mwina yagwa, mwina akukweza anthu. Ikagwa, wolowa kukaidzutsa ndinu.

Mmisiri mumuuze izi, ndipo muimepo pamene akuboola. Mabowo akhale masentimita 90 kuchokera pansi, kuti amayi aziona ali chigonere. Kutalikirana kwake ndajambula kuseri kwa pepalali. Lililonse likhale masentimita 8 m'lifupi ndi 10 m'mwamba, ndipo asalaze mkati ndi pulasitala. Akati n'zachibwana, mumuuze kuti mwini wake akubwera ndi tepi. Kabati ya mbale isamukire kukhoma la windo. Bedi la amayi mulitembenuze, mutu uloze kuchitseko.

Makatoni alipo anayi, ndawalemba manambala. Mayi eni nyumba ndawasiyira mitengo iwiri, aiika pawindo la kukhitchini kwawo. Lole inyamuka Loweruka. Dalaivala akuti makatoni akwera kumbuyo ndi katundu wa anthu, ine ndamuuza kuti lachitatu, la siteshoni, likhala pamiyendo panga mpaka pakhomo. Likafika mudzalilandire ndinu, mukalowe nalo kwa amayi.

Ndine,
Bambo a ana